Batire limodzi, babu limodzi ndi waya mmodzi: zomwe zinandichitikira ndi ana a Fomu 2

Ndinali nditaphunzitsa Physics kwa zaka 6 pa sukulu ina ya CDSS m'boma la Dowa pamene ndinazindikira kuti ana anga amadziwa kujambula magetsi pa pepala, koma kuyatsa babu sadziwa. Zinadziwika mwangozi. Tsiku lina masana ndinali m'chipinda cha aphunzitsi ndikuchonga makope, ndipo tochi yanga inali patebulo nditaimasula chifukwa inali itayamba kuvuta. Kunabwera mtsikana wina wa Fomu 2 kudzatenga makope a kalasi yake. Ameneyu ndi amene anaposa onse pa mayeso a mutu wa magetsi sabata yapitayo. Chithunzi chake cha seketi, kutanthauza njira yoyendamo magetsi, chinali choyera bwino, mizere yowongoka ndi rula, chizindikiro cha batire pamalo pake, cha babu pamalo pake. Ndinamupatsa batire limodzi, kababu ka m'tochi muja ndi kachidutswa ka waya, n'kumuuza kuti, "Tandiyatsira babuli, ndione ngati lili lamoyo."

Anagwira waya uja, mbali ina n'kuigunditsa pamutu pa batire, mbali inayo pansi pa babu. Zii. Anatembenuza batire, anayesanso. Zii. Anakanikiza mwamphamvu mpaka chala chinayera. Kenako anandibwezera zinthu zija ndi manja awiri, n'kunena kuti, "Sala, babu lake ndi lopsa." Babulo silinali lopsa. Nditaliyatsa iye akuona, anayang'ana kuwalako, n'kuyang'ana ine, ndipo nkhope yake inali ya munthu amene wanamizidwa. Ndinamva chisoni kwambiri, chifukwa vuto silinali lake. Mwanayu anachita zonse zimene ndinamuuza kuti achite. Analoweza, anajambula, anakhoza. Ine ndi amene ndinali ndisanamugwiritsepo waya m'manja ngakhale tsiku limodzi.

Chifukwa chake ndinali nacho, ndipo mphunzitsi aliyense wa ku CDSS akuchidziwa. Labu panalibe. Ana m'kalasi imeneyo analipo 84. Silabasi ndi yaitali, mayeso a MANEB sadikira munthu, choncho umangogwira choko n'kumathamanga. Koma usiku umenewo ndinadzifunsa kuti kodi kuyatsa kababu ka tochi kumafunadi labu? Ana omwewa amapanga magalimoto a mawaya okhala ndi chiwongolero, amamata matayala a njinga, amasoka mpira wa mapepala. Manja ali nawo. Chimene ankasowa ndi choti agwire.

Loweruka lotsatira ndinakwera njinga kupita pa Mponela, kwa bambo wina wokonza mawailesi amene amakhala pakhonde la sitolo ndi kathebulo kake kodzaza zakufa. Nditawafotokozera zomwe ndinkafuna, anandiyang'ana kaye, kenako anati, "Aphunzitsi, mukufuna zinyalalazi? Tolani zonse zimene mungathe." Anatulutsa katoni pansi pa tebulo. Munali matochi osweka, zingwe za matchaja a foni zoduka, mawailesi opanda chivundikiro, timababu ta LED tothothoka m'matochi otchipa aja a pamsika. Tinakhala pamenepo mpaka dzuwa linapendeka, iwo akundisonyeza chimene chili chamoyo ndi chimene chafa. Zimene ndinaphunzira pakhonde limenelo tsiku limodzi zinandithandiza m'kalasi kuposa zambiri za m'mabuku anga a kukoleji, ndipo ndikulangiza mphunzitsi aliyense kuti ayambire kwa munthu ngati ameneyu. Pa tireding'i senta iliyonse alipo.

Chimene ndinagula ndi ndalama ndi mabatire akuluakulu a tochi ndi timababu tagalasi takale tija tolembedwa 2.5 V m'mbali mwake. Ahedi anandithandiza ndi kandalama pang'ono ka sukulu nditawasonyeza kuti sindikupempha zida za mumzinda. Zotsala zonse ana anabweretsa okha: makatoni, mphira zodula ku chubu chakale cha njinga, misomali, mapini okhomera mapepala pa bolodi, tizitsulo topanira mapepala, pepala lonyezimira la m'mapaketi a fodya. Mawaya tinasenda ku zingwe za matchaja zija, ndipo waya wosenda bwino kumapeto konse ndi theka la ntchito yonse.

Lolemba ndinalowa m'kalasi osalemba chilichonse pa bolodi. Ndinagawa ana m'magulu 12 a anthu 7, gulu lililonse batire limodzi, babu limodzi ndi waya mmodzi. Mmodzi yekha, osati awiri. Ndinati, "Yatsani babu. Njira iliyonse imene mwayesa, yoyaka ndi yosayaka yomwe, muijambule m'kope momwe zinthuzo zikuonekera, osati ndi zizindikiro za m'buku." Kenako ndinaika manja kumbuyo n'kuyamba kuzungulira.

Apa ndi pamene pali povuta kwa mphunzitsi, ndipo ndikufuna ndikhalepo pang'ono. Mphindi 10 zoyamba palibe babu limene linayaka. Magulu onse anachita zimene anachita mtsikana uja, waya kuchoka pamutu pa batire kupita pansi pa babu, ngati paipi yochoka pa thanki kupita pampopi. M'maganizo a mwana, batire ndi chidebe chodzaza magetsi, ndipo waya ndi njira yoti magetsiwo atsikire m'babu. Ndi maganizo anzeru ndithu, chifukwa kunyumba amaona chingwe chimodzi chikuchoka pa sola kupita ku babu, osadziwa kuti mkati mwake muli mawaya awiri. Anayamba kundiitana uku ndi uku. "Aphunzitsi, batire lathu ndi lakutha." "Sala, mwatipatsa babu lakufa." Mtima unkandiuza kuti ndingowasonyeza tipite patsogolo, nthawi ikutha. Ndinadzigwira. Ndinkangotenga babu lawo, kulibisa kuseri kwa buku, kuliyatsa kuti aone kuwala kokha, n'kuwabwezera. "Ndi lamoyo. Yesaninso."

Gulu lina la pafupi ndi zenera linakuwa, osati chifukwa cha kuwala koma chifukwa mnyamata wina anataya waya pansi akupukusa zala. Anali atalumikiza mutu wa batire ndi pansi pake ndi waya wokha, babu lili pambali, ndipo wayawo unatentha. Ndinaimitsa kalasi yonse kanthawi. Ndinawauza kuti chimenecho ndi chimene anthu amati shoti, kuti chimapha batire msanga ndipo asachibwereze, koma ndinawafunsanso kuti, ngati waya watentha ndiye kuti mukudutsa chinachake, nanga n'chifukwa chiyani chadutsa pano pamene poyamba paja sichinkadutsa? Ndinasiya funsolo lili choncho.

Patapita mphindi zina zingapo, pakona ya kumbuyo kunamveka "Eee! Layaka!" Anali mnyamata wina wachete, amene m'makope ankapeza zochepa nthawi zonse. Anali atakhazika kadontho ka pansi pa babu pamutu pa batire, waya n'kuuchotsa pansi pa batire kukagunda chitsulo cha m'mbali mwa babu. Kuwala kwake kunali kochepa, kofiirira, chifukwa batire limodzi limapereka mavolti 1.5 okha pamene babulo limafuna 2.5, komanso kunali masana. Koma kalasi yonse inathamangira kumeneko ngati kwagwa ngozi. Sindinawaletse. Anabwerera m'magulu awo, ndipo mababu anayamba kuyaka limodzilimodzi. Nditawauza kuti njira zoyatsira ndi waya mmodziyo zilipo zinayi, phokoso linakula. Atazipeza zonse, kutembenuza batire, kusinthanitsa kadontho ka pansi ndi chitsulo cha m'mbali, ndinawafunsa chimene chikufanana pa njira zinayi zonsezo. Mtsikana wa makope uja ndi amene anayankha, pang'onopang'ono, akuyang'ana m'kope mwake: "Mbali zonse ziwiri za batire zikugwira ntchito, ndipo mbali zonse ziwiri za babu zikugwira ntchito. Zikuzungulira."

Ndinali nditaswa babu limodzi lopsa kunyumba, mosamala, n'kuchotsa galasi. Ndinaliyendetsa m'magulu kuti aone mkati. Muli timiyendo tiwiri tachitsulo, kena kotsikira ku kadontho ka pansi, kena kopita ku chitsulo cha m'mbali, ndipo pakati pake pamakhala kawaya kopyapyala kwambiri ka chitsulo chotchedwa tungsten, kamene kamatentha mpaka kuwala magetsi akamadutsamo. Babu si mapeto a ulendo, ndi mlatho. Magetsi amalowa khomo lina n'kutulukira lina. Pamenepo m'pamene ndinatenga choko koyamba tsiku limenelo n'kujambula chithunzi chomwe chija chimene anali atachiloweza kale, ndipo ndinamva ena akunong'onezana kuti, "Ooh, n'chimenechi eti."

Tsiku lachiwiri gulu lina linandiphunzitsa chinthu. Mnyamata wina anabweretsa waya wake wokongola, wofiirira ngati kopa weniweni, umene anamasula m'kati mwa wailesi yakale ya kwawo. Analumikiza zonse molondola, ine ndinayang'ana kawiri konse, koma babu linakana. Anasintha batire, anasintha babu, osayaka. Ndinakumbukira zimene bambo a pa Mponela aja anandiuza, kuti waya wokulungidwa m'mathiransifoma ndi m'timamota umapakidwa vanishi woonekera mkati, kuti mizere yake isagundane. Umaoneka wamaliseche koma ndi wovala. Sindinawauze. Ndinangowapatsa waya wina kuti ayerekeze. Utayaka ndi waya winawo, anadziwa okha kuti wolakwa ndi waya wawo, ndipo mtsikana wina wa m'gululo anautenga, anaukanda ndi chikhadabo, anauyang'anitsitsa, kenako anapempha lezala. Atapala kumapeto konse mpaka kuwala, babu linayaka. Kuyambira tsiku limenelo ndimasakaniza dala waya woterewu m'katoni, komanso babu limodzi lopsa ndi batire limodzi lakutha. Mwana amene wafufuza yekha chifukwa chimene babu lakanira, kusintha chinthu chimodzi pa nthawi imodzi mpaka kupeza cholakwika, waphunzira zambiri kuposa amene lake linangoyaka ulendo woyamba.

Ganizo lina louma kwambiri limene ana amakhala nalo ndi lakuti magetsi amatha akadutsa m'babu, kuti waya wobwerera ku batire umanyamula ochepa kapena sunyamula kanthu. Kunena pakamwa kuti sizili choncho sikuthandiza. Ndinawatulutsa panja pansi pa mtengo wa mango ndi chingwe chachitali chomangira mbuzi, nditalumikiza mapeto ake kuti chikhale chozungulira. Ana anaima mozungulira atachigwira mofewa. Mmodzi anakhala batire, ntchito yake kukoka chingwe ndi dzanja lina n'kumachipereka ndi linalo. Wina kutsidya anakhala babu, ndipo ndinamuuza kuti achifinye pang'ono chikamadutsa m'dzanja lake. Batire atangokoka, chingwe chonse chinayenda nthawi imodzi, kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Posakhalitsa babu anati, "Aphunzitsi, m'dzanja mukutentha." Ndinafunsa kalasi kuti, kodi chingwe chafupika? Ayi. Chikutuluka m'dzanja lake n'chochepa kuposa chimene chikulowa? Ayi. Nanga akutopa ndani? Onse analoza batire, amene thukuta linali litayamba kale. Chimene chimatha ndi mphamvu ya batire, pamene zoyendazo zimangozungulira. Mnyamata wina amene mkulu wake amapalasa kabaza anati, "Ndiye ndi tcheni cha njinga chimenechi. Tcheni sichitha, amatha ndi wopalasa." Chitsanzo chake ndi chimene ndimagwiritsa ntchito mpaka lero, ndipo ndimanena kuti ndinachimva kwa mwana wa Fomu 2.

Switchi sinatitengere nthawi. Mapini awiri okhomedwa pa katoni, kachitsulo kopanira mapepala kokolekedwa pa pini imodzi kuti kazizungulira n'kukagunda inzake, basi. Mabatire awiri tinkawakulunga m'pepala motsatizana, mutu wa lina kugunda pansi pa linzake, n'kumanga ndi mphira kuti pepala lonyezimira la kumapeto likanikizike bwino. Mabatire awiriwo amapereka mavolti 3, ndipo babu limawala mokwanira. Atachotsa kachitsulo kaja, mpata wotsalawo unasanduka choyesera zinthu. Supuni inayatsa. Msomali unayatsa, koma wadzimbiri unayamba wafuna kupalidwa. Khobidi la K10 linayatsa. Choko, mphira, phesi louma ndi chivundikiro cha bolopeni zinakana. Chitsekerero cha botolo la zakumwa chinawakanganitsa, chifukwa kwa ena chinayatsa, kwa ena ayi, mpaka anaona kuti penti wa pamwamba ndiye akutchinga. Chimene chinawadabwitsa kwambiri ndi mtima wa pensulo. Tinang'amba pensulo m'litali n'kusiya chakuda cha mkati chili poyera. Mawaya akagunda moyandikana babu linkawala bwino, akamatalikirana kuwala kunkachepa pang'onopang'ono. Si chitsulo, koma magetsi akudutsa, ndipo akudutsa movutikira. Mawu akuti resistance, otanthauza kuvutikira kumeneku, ndinawalemba pa bolodi ana ataona kale chinthucho ndi maso.

Za series ndi parallel ndinazibweretsa ngati nkhani ya nyumba. Gulu lililonse linapanga kanyumba ka katoni ka zipinda ziwiri, pabalaza ndi kuchipinda, ndipo ndinati chipinda chilichonse chikhale ndi babu lake. Pafupifupi onse analumikiza mababuwo mondondozana, waya kuchoka ku loyamba kupita ku lachiwiri, imene ndiyo series. Anayaka onse awiri koma mofooka. Ndiye ndinkafika pa gulu n'kunena kuti, "Agogo akufuna kugona, zimitsani kuchipinda, pabalaza pakhale poyaka." Akamasula babu limodzi, nyumba yonse mdima. Anavutika nazo mpaka belu linalira, ena anapitiriza pa nthawi yopuma. Mawa lake magulu angapo anabwera atapeza kuti babu lililonse likufuna njira yakeyake yochoka ku batire ndi kubwerera, imene ndiyo parallel. Mababu anawala mokwanira onse, ndipo kuzimitsa lina sikunakhudze linzake. Umu ndi mmene nyumba zenizeni zimalumikizidwira. Mtengo wake anaupezanso okha, chifukwa magulu a parallel mabatire awo anatha msanga.

Timababu ta LED tinabwera pambuyo, ndipo ndikulangiza kuti tizibwera pambuyo, ngakhale kuti masiku ano ndi timene timapezeka kwambiri kuposa tagalasi. Chifukwa chake n'chakuti LED imayaka mbali imodzi yokha. Mwendo wautali uyenera kuloza ku mutu wa batire, kumene kuli chizindikiro cha +, ndipo waufupi kupita pansi pake. Ngati miyendo inadulidwa kale, monga zimakhalira ndi tothothola m'matochi, yang'anani m'mphepete mwa kamutu kake, mbali imene ili yophwatalala ndiyo ya mwendo waufupi. Mwana amene sanamvetse kuti seketi iyenera kuzungulira akapatsidwa LED amakhala ndi mavuto awiri nthawi imodzi, ndipo sadziwa kuti lamukanika ndi liti. Komanso batire limodzi siliyatsa LED. Yofiira imafuna pafupifupi mavolti 2, yoyera pafupifupi 3.

Pa LED pomwepa ndi pamene Lamulo la Ohm, lija lakuti V = IR (mavolti ndi ma ampu a magetsi odutsa kuchulukitsa ndi ma ohm a resistance), linapeza ntchito. Gulu lina, pofuna kuwala koposa anzawo, linabwereka mabatire n'kulumikiza anayi motsatizana, mavolti 6, pa LED yofiira. Inawala kwambiri kamphindi, inasintha mtundu, kenako inazima, ndipo panamveka kafungo ka pulasitiki wopsa. Anaitembenuza, anaigwedeza, koma inali itapita. Sindinawakalipire. Ndinaiika patebulo langa n'kufunsa kuti tingaiteteze bwanji ina kuti isafe chonchi. Wina anakumbukira pensulo ija, kuti imachepetsa magetsi. Ndinatulutsa marezisita amene ndinathothola pa mabolodi a mawailesi akale, timbewu ting'onoting'ono tamizeremizere tochepetsa magetsi ngati pensulo ija, ndipo tinawerengera limodzi pa bolodi. Mabatire akupereka mavolti 6, LED ikutenga 2, otsala 4 ayenera kugwera pa rezisita. LED yamtunduwu imakhala bwino ndi ma milliamp 20, amene ndi 0.02 ya ampu. Tikagawa 4 ndi 0.02 tikupeza ma ohm 200. Rezisita yopezeka mosavuta yoyandikira pamenepo ndi ya ma ohm 220, imene mizere yake ndi wofiira, wofiira, wabulauni. Anaisaka m'chitini mpaka anaipeza, anailumikiza motsatizana ndi LED ina, ndipo inayaka bwinobwino mpaka phunziro linatha osapsa. V = IR, imene Georg Ohm wa ku Germany anaifalitsa mu 1827, ana anga ankaiona ngati zilembo zitatu zoloweza pokonzekera mayeso. Tsiku limenelo inapulumutsa kababu kamene anali atakagwira m'manja.

Kunena za chitetezo ndiye sindinyengerera, ndipo ndimabwereza phunziro lililonse. Mwana akayatsa babu koyamba amadzimva kuti ndi katswiri, ndipo chotsatira amafuna kukayesa pa soketi. Magetsi a ESCOM ndi a mavolti 230, amapha, ndipo sapereka mpata woyesanso kachiwiri. Ndimawauza kuti zimene tikuchita ndi za mabatire a tochi basi. Batire la galimoto kapena la sola ndi la mavolti 12 okha, koma likachita shoti limafiiritsa waya n'kuyatsa moto. Mabatire a mafoni ndinawaletseratu m'kalasi, makamaka otupa aja, chifukwa akabooledwa kapena akachita shoti amayaka. Mabatire akutha timawasonkhanitsa m'chitini chimodzi, osawaswa, osawaponya pamoto kapena pafupi ndi chitsime. Ndinawapemphanso kuti akauze makolo zimene tikuchita, kuti mwana asakapezeke akumasula wailesi yamoyo ya bambo ake m'dzina la homuweki.

Cholakwika chimodzi chimene ndinachiona mochedwa ndi chakuti m'magulu osakaniza, mawaya ankathera m'manja mwa anyamata, atsikana n'kukhala alembi. Palibe amene anawauza kutero, zinkangochitika. Sabata yachiwiri ndinaika lamulo lakuti ndikaomba m'manja zipangizo zipite kwa munthu wotsatira, ndipo amene wagwira kale aike manja pa desiki, athandize ndi pakamwa pokha. Pa ntchito ya kanyumba ija ndinapanga magulu ena a atsikana okhaokha. Gulu loyamba kupeza parallel linali limodzi mwa amenewo.

Ndinawauzanso za William Kamkwamba wa ku Wimbe, m'boma la Kasungu, loyandikana nalo lathuli. Anasiya sukulu ya sekondale chifukwa chosowa fizi pa nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002, koma ankapitabe ku kalaibulale ka kwawo kukawerenga mabuku a sayansi. Ali ndi zaka 14 anamanga makina oyendera mphepo pogwiritsa ntchito njinga yakale, mapaipi a pulasitiki ndi dayinamo ya njinga, n'kuyatsa babu kunyumba kwa makolo ake. Ambiri anali atamvapo dzina lake. Koma nditawafunsa kuti dayinamo ya njinga ili ndi waya mmodzi wokha wopita ku nyali, nanga njira yobwerera ili kuti, anakhala chete kanthawi, kenako mnyamata wachete uja anati, "Ndi felemu ya njingayo, sala. Ndi yachitsulo." Milungu itatu m'mbuyomo funso limeneli silikanakhala ndi tanthauzo kwa aliyense wa iwo.

Teremu ili pafupi kutha, mtsikana wa makope uja anandipeza pakhomo la chipinda cha aphunzitsi m'mawa, belu lisanalire. Anatulutsa m'chikwama tochi yachitsulo yakale kwambiri, yopindika pamutu, n'kunena kuti ndi ya agogo ake aakazi, inafa kalekale ndipo inkangokhala pawindo. Ndinatambasula dzanja poganiza kuti akufuna ndimukonzere, koma iye anaikankha switchi, tochi n'kuyaka.

"Ndinayamba ndi mabatire, ndinaika atsopano, sinayake," anatero. "Babu ndinaliyesa ndi waya mmodzi uja, linali lamoyo. Ndiye ndinatsatira njira yonse ndi chala, kuchoka pamutu pa batire, kudutsa m'babu, kupita pa switchi, kutsika m'chitini chake mpaka pa chivundikiro cha pansi. Sipuling'i ya pansi inali ndi dzimbiri. Ndinaikwecha ndi mchenga."

Ndinamufunsa kuti agogo anati chiyani.

"Anandiuza kuti ndiizimitse ndisawathere mabatire. Koma usiku anapita nayo okha kukatseka khola la nkhuku. Ndiyenera kubwerera nayo madzulo ano, sala, ndangobwera nayo kuti muione."